Za minibasi ija musanatumize ndalama

Achimwene,

Moni wochokera kuno ku Bangwe. Tonse tili bwino, mlamu wanu ndi ana akuti moni. Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndaumvetsera mpaka kumapeto, koma nkhani ya minibasi si yoyankha ndi mawu awiri pafoni, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndilembe.

Mwati ndalama zonse zimene mwasunga ku Johannesburg mukufuna kugulira minibasi, mphwanu aziyiyang'anira kuno. Mwati mukufunsa ine chifukwa munthu wophunzitsa anyamata mpira anazolowera kuganiza msanga. Pamenepo ndikutsutsani pang'ono. Mpira ukayamba, ochemerera akukuwa, kholo lina likukalipa kuti mwana wake wakhalitsa pabenchi, mutu wa kochi sukhala m'malo. Zimene ndimachita pabwalo Loweruka ndimakhala nditaziganiza Lachinayi usiku, n'kuzilemba m'kabuku: tikachinyidwa msanga alowa ndani, wakumbuyo akavulala atseka ndani, tikamatsogola tisintha chiyani.

Mukukumbukira World Cup ya ku Brazil mu 2014? Netherlands inakumana ndi Costa Rica mu kota fainolo ku Salvador. Mphindi 90 zinatha popanda chigoli, 30 zowonjezera nazonso chimodzimodzi. Wenzulo ili pafupi kulira, kochi wa Netherlands Louis van Gaal anatulutsa goloboyi wake Jasper Cillessen, yemwe sanalakwitse kanthu, n'kulowetsa Tim Krul kuti akagwire mapenate. Krul anagwira awiri, Netherlands n'kupambana 4-3. Anthu ambiri amaitchula nkhaniyi ngati nzeru yongobwera pomwepo, chonsecho ayi. Krul anali atauzidwiratu, ndipo anali atakonzekera mamenyedwe a osewera a Costa Rica pamodzi ndi mphunzitsi wa magoloboyi. Chachikulu n'chakuti nthawi imeneyo kusintha kunali katatu kokha, ndiye Van Gaal anaumira ndi mpata umodzi kwa mphindi pafupifupi 120, osewera ake atatopa, poyembekezera nthawi imene anaikonzera.

Patapita masiku anayi, ku São Paulo, anakumana ndi Argentina. Ulendo uno mipata yonse itatu inatha mapenate asanafike. Krul anangokhala pabenchi kuonerera, Cillessen sanagwire ngakhale imodzi, Argentina inadutsa 4-2. Kochi ndi yemweyo, nzeru ndi yomweyo, koma analibenso posinthira.

Apa ndi pamene pandidetsa nkhawa pa ganizo lanu. Mukathira ndalama zonse pogula galimoto, mwamaliza mipata yanu mpira usanayambe. Minibasi imadya tsiku lililonse, iyende isayende. Pali inshuwalansi, COF (chiphaso choti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu), matayala, makaniko. Giyabokosi ikafa galimoto imagona pagalaja mpaka ndalama ya sipeya ipezeke, ndipo masipeya amachokera kunja, mtengo wake umatsata dola. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, chaka cha 2022 inali itatsitsidwa kale ndi 25. Amene analibe kangachepe pambali anaimika galimoto pamiyala. Onjezanipo masiku amene dalaivala amagona pamzere wa mafuta osanyamula ngakhale munthu mmodzi, koma kunyumba kwake kukufunika ndiwo.

Ine sindikukuletsani. Alipo anthu amene aphunzitsa ana mpaka ku koleji ndi minibasi imodzi. Pempho langa n'lakuti zinthu zina muzigamule panopa, ndalama zikadali m'manja mwanu ndipo simunakwiyitsane ndi aliyense. Dalaivala azibweretsa targeti ya ndalama zingati patsiku, ndipo akalephera masiku angati otsatizana ndiye kuti ntchito yatha? Ndalama yokonzetsera izisungidwa kuti, ndipo wololeza kuitapa ndani? Funso lowawa kwambiri ndi ili: galimoto ikamangodya osabweza, mudzaigulitsa itafika pati? Lembani nambala yake papepala. Munthu akathira kale ndalama zambiri pachinthu, amangothirabe zina poopa kuvomera kuti zoyamba zija zapita. Ndimaziona kwa makochi anzanga: mnyamata amene anamuvutikira kumupezera nsapato amamusiya m'bwalo mpaka mpira kutha, aliyense akuona kuti miyendo yatha.

Za mphwanu, mulankhule naye poyera musanagule. Van Gaal sanamuuze Cillessen za pulani ija, ndipo mnyamatayo anatuluka m'bwalo atakwiya, dziko lonse likuona. Kochi angathe kupirira zimenezo, koma inu ndi mphwanu mudzakumanabe pamaliro ndi pazinkhoswe moyo wanu wonse. Adziwiretu malipiro ake, adziwiretu kuti mudzafuna kuona kabuku ka ndalama sabata iliyonse, komanso kuti tsiku lina mungamuchotsepo popanda chidani. Mayi anu akhalepo pokambirana zimenezi, chifukwa zikadzavuta madandaulo adzafikira kwa iwo.

Kabukuko kali ndi ntchito inanso. Ife tikamaliza masewero sindiyamba ndi kufunsa kuti tawina kapena taluza. Ndimatsegula zimene ndinalemba Lachinayi n'kuona ngati zinali zomveka malinga ndi zimene ndinkadziwa tsikulo. Krul akanapanda kugwira penate, anthu akanamunena Van Gaal kuti wapenga, chonsecho ganizo likanakhala lomwelo. Inunso mwezi wa December galimoto ikadzapanga ndalama zambiri musadzathamangire kugula yachiwiri, ndipo February akadzavuta musadzagulitse mopupuluma. Muzidzayerekeza ndi zimene munalemba poyamba.

N'zoona, zilipo zina zosadikira kabuku. Chigoli cha Gabadinho Mhango ku Yaoundé mu January 2022, pomwe Flames inkasewera ndi Morocco, chinali cha kamphindi: anadzutsa mutu, anaona goloboyi wa Morocco Yassine Bounou wasuntha pagolo, n'kuumenya ali kutali zedi. Komatu diso lotere limabwera ndi zaka zosewera tsiku ndi tsiku. Inu pa ntchito yanu ya utelala muli nalo, nsalu mumaidziwa poigwira. Pa minibasi ndinu mlendo, ndiye yambani mwafunsa eni ake. Pali bambo wina wa kutchalitchi kwathu amene wayendetsa Limbe-Bangwe nthawi yaitali, wavomera kuti tikhale naye pansi atiuze zimene amapeza ndi zimene amawononga pamwezi.

Nditumizireni mtengo wa galimoto imene mwaiona, chaka chake, ndi ndalama imene itsale mukalipira msonkho wa MRA pachipata. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi ndikuimbirani bamboyo ali pomwepo kuti mumufunse nokha. Anyamata anga ali ndi masewero Loweruka, ndidzakuuzani mmene zayendera.

Perekani moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wa ku Bangwe.