Mdzukulu wanga alembedwe m'dzina lako

Mwana wanga,

Zithunzi zafika, ndaziona zonse pa foni ya mchimwene wako. Mphuno ija ndi ya malemu bambo ako, palibe wotsutsa. Tikuyamika Mulungu kuti wachira bwino, ndipo amayi a kumpingo onse akuti ndikupatse moni. Uzidya, uzimwa phala lambiri, ndipo usathamangire kubwerera kuntchito thupi lisanakhwime, kaya abwana akowo anena zotani.

Koma pali mawu amene andifika ndipo andisowetsa tulo. Akuti mnzako uja, yemwe uja anakubwereka ndalama ya lendi n'kuzimiratu miyezi, wakupezera mayi wina wa konko woti akalembetse mwanayu ku Home Affairs, ofesi ya boma yolembetsa kubadwa kwa ana, ngati wake. Akuti mukatero mwana apeza nambala ya chitupa cha South Africa, ndipo mwezi ndi mwezi muzigawana ndalama imene boma limapereka kwa ana. Usandifunse kuti wandiuza ndani. Ndikufuna undiyankhe iweyo: ndi zoona kapena ayi?

Ngati ndi zoona, mvera ine mayi ako. Pepala likanena kuti mayi wa mwanayo ndi uje, kwa boma mayi wake ndi ujeyo basi. Ululu unaumva ndiwe, ukuyamwitsa usiku ndiwe, koma tsiku limene mudzayambane, wapolisi adzawerenga pepala, sadzayang'ana mphuno. Ndalama ukuziwerengerazo sizifika n'komwe ma rand 600 pamwezi, ndipo zizidzalowa pa khadi la mayiyo, osati lako. Akadzati mwezi uno sindikupatsa, udzakamusumira kwa yani, poti nonse mwalakwira lamulo? Akadzasamuka osakuuza, kusukulu akadzafuna kholo loti lisayine, udzamufuna kuti mu Johannesburg monsemo? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mnzakoyo ndi dobadoba chabe, wasiyana chiyani ndi anyamata amene amaima panja pa maofesi kuno n'kumati bweretsani ndikuthamangitsireni? Iye adzadya yake n'kupita.

Ukukumbukira nkhani ya agogo ako aamuna. Anapita ku migodi pa Wenela, anakaberekako mwana wamwamuna, mwanayo n'kulembedwa dzina la anthu ena. Anabwerera kumudzi ndi sutikesi, bulangete ndi chifuwa chija, mwana anatsala. Mpaka kumwalira ankangotchula dzina limene iwo anamupatsa, dzina losapezeka m'buku lililonse. Amalume ako anayesa kufunsafunsa atapita kukagwira ntchito konko, koma umafunsa bwanji munthu amene sudziwa kuti amamuitana ndani? Ndili ndi mchimwene kwinakwake amene sindinamuonepo. Sindikufuna zimenezo zibwerezeke pa mdzukulu wanga ine ndili moyo.

Ndakhala ndikufunsa kwa anthu amene anaberekera konko, ndipo njira yake si yobisika. Lamulo la kumeneko limati mwana alembetsedwe pasanathe masiku 30 chibadwire. Masiku amenewo akadutsa mumalowa mu mzere wina wa olembetsa mochedwa, kumene mafunso ndi mapepala zimachuluka, ndipo anthu amadikira mpaka kutopa. Ndikudziwa kuti mwambo wathu umati khanda lisamayendeyende lisanatuluke m'chikuta, koma boma la eni ake silidikira chikuta. Mchombo ukangogwa, mufunditseni bwino mwanayo mupite. Utenge pepala limene anakupatsa kuchipatala losonyeza kuti unachirira kumeneko, kabuku ka kusikelo kamene amati Road to Health, pasipoti yako ndi ya amuna ako. Mupite nonse awiri. Akamwini asanene za ntchito, apemphe tsiku limodzi, dzina lawo lilowe pa pepalalo iwo ali pomwepo.

Satifiketi imene amapereka kwa ana a alendo ilibe nambala ya unzika, ndipo nthawi zambiri amangolemba pamanja. Mnzakoyo adzakuuza kuti n'chipepala chachabechabe. Ayi. Kubadwira m'dziko limenelo sikupangitsa mwana kukhala nzika ngati bambo ndi mayi onse ndi alendo, zimenezo uzidziwiretu, usamve za anthu. Koma lamulo lawo lomwelo limati mwana amene anabadwira konko, kubadwa kwake kunalembetsedwa, ndipo wakhala konko mpaka kukwanitsa zaka 18, angathe kupempha unzika. Ndiye taona: pepala lolemba pamanjalo ndi limene lingadzamuthandize akadzakula, pomwe lachinyengolo likadzagwidwa adzataya zonse, iwe n'kukhala ndi mlandu pamwamba.

Ndikudziwa chimene chikukuopsa, usaganize kuti sindidziwa. Masiku 30 amene anakudindira pa boda anatha kalekale, ndipo ukuopa kuti ukalowa mu ofesi ya boma utulukira ku Lindela, kumene amasunga alendo opanda mapepala asanawabweze kwawo. Ndinakuuza chaka chatha kuti ukonze zimenezi, unati mayi musadandaule. Lero ndi izi. Komabe khoti la kumeneko linagamula mu 2018 kuti mwana asakanizidwe kulembetsedwa chifukwa choti mapepala a makolo ake ndi otha. Usapite wekha ngati mtima ukugunda. Kuli bungwe la maloya lotchedwa Lawyers for Human Rights, lili ndi maofesi ku Johannesburg ndi ku Pretoria, ndipo nkhani za ana opanda mapepala ndi ntchito yawo. Yamba wapita kumeneko ukawafotokozere zonse osabisa kanthu, akuuze poyambira. Malangizo a mnzako uja uwasiye.

Akamalemba, uime pomwepo uwerenge chilembo chimodzichimodzi. Zaka zonse zimene ndinkayeza ana kusikelo ndinaona mavuto ambiri ochokera pa chilembo chimodzi: pa khadi alemba L, pa kalata ya ubatizo R, mwana akadzafika polemba mayeso ayamba kuoneka ngati anthu awiri. Anthu a kumeneko mayina athu sawadziwa, amalemba mmene amvera. Dzina la bambo likhale monga lilili mu pasipoti, lako chimodzimodzi, tsiku lobadwa uliyang'ane kawiri. Usachite manyazi kuti mzere ndi wautali kumbuyo kwako. Iwe uli ndi chizolowezi chongoti zikomo n'kunyamuka, kuyambira uli mwana unali choncho, ankakubwezera chenje choperewera pagolosale iwe n'kumangomwetulira.

Mukatenga satifiketiyo musakhale pansi. Mwanayu ndi Mmalawi chifukwa iwe ndi amuna ako munabadwira kuno, koma Umalawi wongonena pakamwa suwolotsa munthu pa boda ya Beitbridge. Pitani ku ofesi ya kazembe wathu, ilipo ku Johannesburg komweko, ina yaikulu ili ku Pretoria, mukafunse za pasipoti ya mwana. Muyambe msanga. Unaona wekha kumayambiriro kwa 2024 pamene makina osindikiza mapasipoti anaima kuno, anthu anagona pa mizere, maulendo anafa. Zinthu zimenezi sizifuna kuyamba maliro atagwa kale. Ndipo aphungu athu anavomereza mu December 2018 kuti Mmalawi angathe kukhala nzika ya mayiko awiri, ndiye usaope kuti pasipoti ya kuno idzamutsekera za kumeneko akadzakula.

Za 2015 sindinaiwale. Pamene anthu ankathamangitsidwa ku Durban, boma linatumiza mabasi kukatenga anthu athu, ena anafika ndi zovala za m'thupi zokha. Ndimapemphera kuti zisadzachitikenso, koma zitati zachitika usiku wina, ukwera bwanji basi ndi mwana amene pepala lake likuti ndi wa mayi wina? Pa Beitbridge, pa Nyamapanda, pa Zobue, pa Mwanza, paliponse adzakufunsa kuti mwanayu ndi wa yani, ndipo adzakuyesa wakuba ana. Ndikaganiza zimenezo m'mimba mumandiwotcha.

Mapepala onse uwaike mu pulasitiki, pulasitikiyo m'chikwama chimene sichichoka pafupi nawe, poti nyumba zanuzo moto suchedwa. Uwajambule pa foni utumize kwa mchimwene wako, iye akawasindikiza ndidzasunga m'bokosi muja muli makalata a munda. Kabuku ka kusikelo usakapinde, ndipo katemera asadumphe ngakhale mmodzi.

Sindikukalipira chifukwa chokuda, mwana wanga. Ndikudziwa kuti lendi ikukupanikizani, matewera ndi odula, ndipo ndalama imene umatitumizira umachita kudzimana. Miyezi ikubwerayi usatumize kanthu. Chimanga chilipo, mbuzi ziwiri zija ndikhoza kugulitsa imodzi. Ndalamayo ikhale ya thiransipoti yopitira ku maofesi ndi ya pasipoti ya mwana. Koma mnzako uja asagwire pepala lililonse la mdzukulu wanga, ngakhale kungoti ndione. Ukamuuza kuti wakana adzakwiya, mwina adzakunenera zoipa kwa anzanu. Musiye akwiye.

Ndatumiza ufa, nyemba ndi zitenje ziwiri zoberekera pa basi ya Lachisanu, mchimwene wako akuuza nambala ya kondakitala. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi undiimbire, akamwini akhale pafupi, ndikufuna ndilankhule nawonso. Ndipo undiuze dzina limene mwagwirizana, azakhali ako akundivutitsa.

Ndine mayi ako.