Kwa mwana wanga ku Zomba

Mwana wanga,

Kuno tili bwino, kungoti dzuwa la Okutobala latsikira padenga. Amako akugona pabwalo, akuti m'nyumba simukulowereka. Ndalama ija inafika, zikomo, koma si nkhani imene ndatengera cholembera.

Lachiwiri lapitali kunabwera mayi wina amene sitikumudziwa. Anatsika kabaza pamtengo wa msawu paja, tambala ali kukhwapa, n'kufunsa ana kuti kwa adokotala a ku Zomba ndi pati. Amako anamuyalira mphasa poganiza kuti ndi wa kumpingo. Atamwa madzi ndiye anayamba. Mchimwene wake ali pa rimandi pa mlandu wakupha, khoti lalamula kuti akamuyeze mutu, ndipo amva kuti mmodzi mwa oyezawo ndi iwe. Akuti tikunong'oneze kuti ulembe zomukomera. Ndinamufunsa kuti pano wapadziwa bwanji. Anatulutsa foni n'kundionetsa Facebook yako: chithunzi chija cha pa Khirisimasi utakumbatira amako, geti lathu lobiriwira lili kumbuyo, pansi utalemba kuti kwathu ku Ngabu. Chotsatira uli mu gauni yoyera pakhomo pa wodi. Kuchokera pamsewu wa M1 anangofunsa anthu awiri.

Tambala tinamubwezera. Amako sanadye usiku umenewo. Mlendoyu anali waulemu, anagwada ndi kugwada. Koma zoyeza zako zikadzatuluka zosawakomera, wina adzabwera wopanda nkhuku, ndipo geti akulidziwa.

Mawa lomwe ukawauze akuluakulu ako kuntchito za mlendo ameneyu, ulembe ndi tsiku lomwe. Ngati aona kuti wodwalayo amuone munthu wina, usachite manyazi. Nkhani ngati iyi ikabisidwa imadzatulukira mkamwa mwa loya.

Ndiye palinso china chimene mlongo wako wandionetsa, ngakhale anachita kukakamizidwa. Sitetasi yako ya pa WhatsApp mwezi watha: lero ndiye ndakumana ndi wamisala weniweni, ndi tinkhope toseka. Iwe? Si iwe unatikalipira tonse pakhonde pano kuti mawu amenewo tisiye? Waiwala amalume ako atawamangirira ku mtengo wa mtondo, iwe uli Sitandade 6, ukuwapititsira phala m'kambale kobiriwira kaja anthu onse akuopa? Ndinadziwa tsiku limenelo kuti udzagwira ntchito imeneyi. Ndikudziwa kuti unatopa, ndipo dzina sunatchule. Koma mlanduwo unali pa wailesi, ndipo anthu amadziwa kuwerengera masiku.

Ine ndakalambira pa desiki ya kalaliki wa khoti, undimvere. Mboni imagwa ndi kanthu kakang'ono. Ndinaonapo bambo wina wophunzira bwino, suti yake yosita, akupereka umboni m'mawa wonse osapunthwa. Loya anangotulutsa kakalata kamene bamboyo analembera mnzake zaka zam'mbuyo, n'kumuuza kuti awerenge mokweza. Thukuta linatsikira m'kolala. Masiku amenewo kalata inkachita kusakidwa m'masutikesi. Lero munthu amangojambula sikirini, ndipo lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limalola uthenga wa pafoni kukhala umboni. Mlandu suola, mwana wanga. Lipoti lako ndi limene limathandiza woweruza kuona ngati munthu angathe kutsatira mlandu wake, kapena ngati mutu unali bwino pa nthawi imene anapalamula. Loya akadzaimika tinkhope toseka tija pambali pa lipoti limenelo, adzafunsa kuti dokotala amene amaseka odwala angakhulupiriridwe bwanji. Ndipo a Medical Council of Malawi amene anakulemba m'kaundula ali ndi mphamvu yokufufutamo. Ng'ombe ziwiri zija sitinagulitsire zimenezo.

Sindikuti foni uitaye m'Shire. Pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndi Facebook yakoyo imene inatipezera azakhali ako ku kampu, ife titalira kale. Sindiiwala. Koma mlongo wako akuti anzako pamenepo atsala pang'ono kukwana 5,000, pamene Facebook imaletsera. Anthu 5,000! Pa ukwati wa amako ndi ine sanafike ndi 200 omwe, ndipo ena ankangotsatira fungo la mbuzi. Sefa. Amene sungamupatse moni pamsika wa Bangula, mchotse. Akuti pali potsekera kuti alendo asamaone zithunzi, ndiponso pochotsera nambala ya foni ndi dzina la mudzi. Ine sindipadziwa, iwe ukupadziwa. Ubwererenso ku zakale za ku koleji zija, za ndale ndi za botolo m'manja, ufufute.

Wodwala kapena m'bale wake akakupempha ubwenzi pamenepo, usavomere, ngakhale atachira, ngakhale atakhala wa ku Ngabu kwathu konkuno. Iwenso usamakasuzumire pa masamba awo usiku. Ugule simu ina ya kuntchito, ya mtengo wa tomato chabe. Nambala imene amako amakuimbira isamapezeke m'thumba la aliyense wotuluka ku ndende ya Chichiri.

Komanso zoti lero ndili pa naiti, mawa ndikupita kumudzi pa basi ya m'mawa, ukuuza ndani? Ufike kaye, udye nsima ya mapira ndi mlamba, ubwerere, ndiye uziika zithunzi zakozo ngati mtima sukupirira. Za amako zokha uchotse lero, usadikire Loweruka.

Usandikwiyire poti ndalankhula kwambiri, ukudziwa kuti tulo sindikupeza. Uimbe Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi, amako akufuna amve mawu ako. Geti ndalipaka kale utoto wakuda, ukamabwera usapitirire.

Ndine bambo ako.