Kwa eni malo ogona alendo pachilumba cha Likoma: bwezani K463,500 yanga

Ndikulemba poyera chifukwa mauthenga anga a pa WhatsApp mukuwawerenga koma osayankha, ndipo lamya yanu ikangoona nambala yanga imayamba kudwala. Dzina la malo anu sindilitchula lero, koma eni ake mukudzidziwa, ndipo risiti yokhala ndi chidindo chanu ili m'manja mwanga.

Masabata angapo apitawo ndinakutumizirani K412,500 yolipirira chipinda cha m'mbali mwa nyanja chomwe munachijambula mokopa patsamba lanu, komanso K86,000 ya ulendo wa pa boti wokaona nsomba za mbuna m'miyala, yomwe munati ikuphatikiza magalasi oonera pansi pa madzi, timapaipi topumira ndi majekete oyandamitsa a anthu awiri. Zonse pamodzi zinakwana K498,500, ndipo ndalamayo itangolowa munandiyankha mwachangu kuti takulandirani.

Ine ndi mayi akunyumba tinakwera sitima ya Ilala pa Nkhata Bay n'kufika otopa, koma bambo amene tinawapeza pamalo olandirira alendo sanadzutse n'komwe mutu kuti atipatse moni. Anangoti chipinda chija alowamo alendo ochokera kunja omwe abwera kudzaphunzira kumira ndi mabotolo a mpweya, ndiye ife tigone m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini, koyandikana ndi jenereta, komwe pamndandanda wa mitengo yanu n'ka K35,000 pa usiku. Nditawaonetsa risiti, anaseka n'kunena pamaso pa anthu kuti, “Achimwene, anzanuwo amalipira madola.” Mayi akunyumba, omwe anasunga ndalama zawo za banki m'khonde chifukwa cha ulendowu, anangozyolika.

M'mawa mwake ndiye zinanyanya. Titapempha zida zathu, bambo omwewo anatulutsa galasi limodzi long'aluka lomangidwa ndi mphira wa chubu, nati majekete atha, kenaka anatifunsa ngati anthu onga ife timatha n'komwe kusambira. Bwana, mbuna zimakhala m'miyala ya m'madzi osaya pomwe zimadya ndere, n'chifukwa chake munthu safunika botolo la mpweya kapena satifiketi kuti azione. Amangofunika galasi losalowa madzi ndi jekete ngati sadzidalira, zinthu zomwe ndinalipira kale. Nditalimbikira, nkhani inasintha, akuti ulendo walephereka chifukwa cha Mwera. Mwera tonse timaudziwa, ukawomba m'miyezi yozizira ngakhale asodzi amakokera mabwato kumtunda. Tsiku limenelo nyanja inali bata, ndipo boti lanu tinaliona ndi maso athu likunyamuka ndi alendo ena aja, aliyense atavala jekete yatsopano. Zikuoneka kuti Mwera wa pamalo panu ndi wophunzira kwambiri, umayamba wafunsa pasipoti usanawombe.

Inu amene mukuwerenga, tandiuzani, munthu akanatani? Likoma si malo oti ukakhumudwa ungoima pamsewu n'kukwera minibasi. Ndi chilumba chozunguliridwa ndi madzi a dziko la Mozambique, ndipo sitima sibwera tsiku lililonse. Tinasamukira ku resitihausi ina cha ku Mbamba, komwe tinalipiranso ndalama zina, n'kumapha nthawi poyendera tchalitchi cha St Peter's ndi kukhala pansi pa milambe. Tchalitchicho n'chokongola ndithu, koma ife tinabwerera mbuna, ndipo tinachoka osaziona. Boma limatilimbikitsa kuti tiziyamba ndife Amalawi kuyendera malo okopa alendo, koma ena mwa inu mumatifuna m'miyezi yokhayo yomwe zipinda zilibe anthu, alendo a madola akangotulukira timasanduka chipsinjo.

Paja amati mlendo ndi mame, ndipo mwina mukuganiza kuti poti tinachoka nkhani inakamuka. Ndalama yanga sinakamuke. Ndachotsapo K35,000 ya usiku womwe tinagonera phokoso la jenereta, chifukwa sindifuna kudya za munthu, choncho yotsala ndi K463,500. Muitumize pa nambala yomwe ija ndinalipirira, yonse, ndipo musandiuze zoti mudzandichotsera mtengo ndikadzabweranso, chifukwa pamalo panu sindidzapondanso. Ndikufunanso kalata yopepesa kwa mayi akunyumba, yosainidwa ndi inu bwana manijala, osati uthenga wa pa lamya.

Likafika Lachisanu likudzali ndalamayo isanalowe, ndikatula nkhaniyi ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission ndi ku nthambi ya boma yoona zokopa alendo yomwe imakupatsani chiphaso, ndipo pano ndidzaika dzina la malo anu, risiti, mauthenga athu onse ndi chithunzi cha galasi lomangidwa ndi mphira lija.