Ophika makeke ku Dedza, chepetsani bekingi pauda

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi amayi komanso achinyamata amene ayamba bizinesi ya makeke a ukwati, a tsiku lobadwa ndi makapukeke kuno ku Dedza. Zikumvetsa chisoni kuona fulawa ndi mazira zikutayika, mmene zinthu zadulira masiku ano, chifukwa keke ikumafufuma bwinobwino mu uvuni kenaka n'kutitimira pakati. Ambiri amaloza chala fulawa, pomwe vuto lili pamalo amene tikukhala.

Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600. Kuno mpweya ndi wopepuka, moti madzi amawira pa madigiri pafupifupi 95, osati 100. Chotsatira chake, bekingi pauda amatukumula keke mwaphuma mkati musanagwirane, ndiye imagwa yokha. Chinyezi nachonso chimathawa msanga, n'chifukwa chake ina imatuluka youma ndi yonyenyeka. Malangizo ambiri a pa YouTube ndi Facebook analembedwa ndi anthu okhala kumalo otsika, choncho tisawameze osatafuna.

Tiyerekeze keke ya fulawa magalamu 250, shuga 250, majarini 250 ndi mazira 4 akuluakulu. Akati supuni zing'onozing'ono 2 za bekingi pauda, inu thirani imodzi ndi theka. Shuga muchotseko supuni yaikulu imodzi, muonjezere supuni zazikulu 2 za mkaka. Uvuni mukweze kuchoka pa madigiri 180 kufika pa 190 kuti keke igwirane isanafufume mopyola, ndipo muyambe kuiyang'ana kutatsala mphindi 5 kuti nthawi yolembedwayo ikwane. Bayani kamtengo pakati: kakatuluka kouma, yapsa. Koma mphindi 20 zoyambirira musatsegule chitseko, ngakhale mtima ufune bwanji. Makapukeke muzithira theka la kapepala basi, apo ayi amasefukira n'kuphwa pamwamba. Ndipo gulani sikelo, chifukwa makapu a m'nyumba safanana kukula.

Mu Juni ndi Julayi majarini amauma gwa ndi chisanu. Musamusungunule pamoto, keke imatuluka yolemera ndi yamafuta. Mudulenidulenitu n'kumuika pamalo otenthera pang'ono mpaka chala chizilowa mosavuta. Mazira ozizira muwaviike m'madzi ofunda kwa mphindi 5, n'kumathira limodzilimodzi, kuopa kuti zosakanizazo zingadukeduke ngati chambiko.

Ophika pa mbaula magetsi akathima, ikani mchenga pansi mkati mwa poto wamkulu ndipo makala ambiri akhale pachivundikiro. Moto wambiri wapansi umapsereza keke mkati muli mwauwisi.

Palinso nkhani ya ulendo. Keke yokongoletsedwa kuno kozizira ikamatsika Khwekhwerere kupita ku ukwati ku Golomoti kapena ku Mtakataka mu Okutobala, aisingi wa majarini amayamba kuyenderera isanafike n'komwe. Ikhale mufiriji usiku wonse, inyamuke m'mamawa, ndipo iikidwe pansi m'galimoto, osati pamiyendo pa munthu kapena pampando wopendekeka. Ikakhala yosanjikiza, gawo lililonse likhale pakatoni yakeyake yolimba, timitengo 4 tobayidwa m'gawo lapansi tinyamule lapamwamba, ndipo kusanja kwenikweniko mukachitire kuholo komweko.

Wophika makeke,
Dedza Boma