Lipoti la ulendo wa ku Braamfontein pa nkhani ya buku la ana athu

A wapampando, makolo anzanga, ndi inu aphunzitsi a kalasi yathu ya Chichewa ya Loweruka, ndakulonjerani nonse. Munandituma ku msonkhano wa aphunzitsi, olemba ndi osindikiza mabuku ku Braamfontein mu Johannesburg, kuti ndikamve ngati buku lomwe tasonkhanitsa lija tingathe kulisindikiza n'kumagulitsa kwa makolo. Ndinapita, ndamva, ndipo yankho ndi lakuti ayi, momwe liliri panomu sizingatheke. Ndayambira kowawa dala, kuti anzathu amene amawerenga mizere iwiri yokha pa foni asatenge uthenga wolakwika.

Bukulo ndinalitenga m'chikwama. Mukulidziwa: masamba amene tinachita fotokope kuchokera m'mabuku a Chichewa a ku pulaimale, a ku Malawi Institute of Education ku Domasi aja, ndakatulo zinayi zomwe zinabwera pa WhatsApp, ndi nkhani ziwiri za Chingerezi zimene ndinamasulira ndekha usiku nditaweruka. Pa tsamba lina pakuonekanso chala chachikulu cha mnyamata wa pashopu ku Rosettenville, pomwe ankapanikiza buku pagalasi la makina. Nthawi ya tiyi ndinalionetsa kwa mayi wina, loya, amene ankatsogolera zokambirana. Anavundukula tsamba ndi tsamba, osapupuluma, kenaka anandifunsa kuti mayina a eni ake ali pati. Ndinangoyang'ana m'kapu. Ndakatulo zija sitikudziwa n'komwe kuti anazilemba ndani.

Lamulo la umwini wa ntchito zaluso kuno ku South Africa ndi la 1978, Copyright Act nambala 98. Munthu akangolemba ndakatulo, nkhani kapena nyimbo, kapena kujambula chithunzi pamanja, umwini ndi wake pompopompo, sachita kukalembetsa ku ofesi iliyonse. Umwiniwo umakhalapo moyo wake wonse, ndipo akamwalira umapitirira zaka zina 50, uli m'manja mwa olowa m'malo mwake. Kwathu nakonso ndi zaka 50 zomwezo, malinga ndi lamulo la 2016. Ena mwa ife tinkati poti mabukuwa ndi a ku Malawi, kuno ku Joni palibe angatifunse. Maganizo amenewo tiwataye. Mayiko awiriwa onse ali mu pangano la Berne, South Africa kuyambira 1928, Malawi kuyambira 1991, ndipo panganolo likuti buku la Mmalawi litetezedwe kuno ngati mmene limatetezedwera buku la mwini dziko.

Koma sikuti mphunzitsi wamangidwa manja. Apa ndi pomwe ndinatchera khutu kwambiri, chifukwa ndi zomwe zikutikhudza Loweruka lililonse. Gawo 12 la lamuloli limalola kugwiritsa ntchito kachigawo ka ntchito ya wina pofuna kupereka chitsanzo pophunzitsa, bola kakhale kokwanira phunzirolo basi, ndipo dzina la wolemba ndi buku lomwe kachokera zitchulidwe. Palinso malamulo ang'onoang'ono a chaka chomwecho cha 1978 amene amanena za fotokope ya m'kalasi. Mwana aliyense apatsidwe pepala limodzi. Kwa wolemba mmodzi, mphunzitsi atenge ndakatulo yaifupi imodzi, kapena nkhani yaifupi imodzi, kapena tizigawo tiwiri, pa teremu. M'buku limodzi losonkhanitsa ntchito za anthu ambiri asapitirire zitatu. Ndipo kugawa mapepala kotere kusapitirire kasanu ndi kanayi pa phunziro limodzi pa teremu imodzi. Ndinawerenga pa zala, ndinapeza kuti ife kasanu ndi kanayi kameneka timakatha mwezi wachiwiri usanathe.

Chimene chinapha buku lathu ndi ichi. Malamulo omwewo amakaniza zinthu zitatu zimene ife tachita zonse: kuchita fotokope pofuna kupanga buku latsopano la zotolatola, kuchita fotokope kuti makolo asagule buku lenileni, ndi kukopera mabuku olembamo mayankho, aja mwana amadzaza ndi pensulo. Kupatsa ana ndakatulo imodzi kuti tiikambirane lero ndi nkhani ina. Kuzimanga pamodzi, kuika chikuto chokhala ndi dzina la gulu lathu, n'kulemba mtengo kumbuyo, pamenepo tasanduka osindikiza, ndipo osindikiza amapempha chilolezo kwa mwini ntchito aliyense.

Nkhani ziwiri zomwe ndinamasulira zija nazonso zagwa, ndipo apa pandiwawa ine mwini. Ndinkaganiza kuti poti thukuta la Chichewa chakecho ndi langa, nkhanizo zasanduka zanga. Ayi ndithu. Kumasulira buku la wina kupita m'chiyankhulo china ndi ufulu wa mwini wake, ndiye amene amaloleza kapena kukana. Akaloleza, mawu a Chichewawo amakhala anga, koma nkhaniyo ikhalabe yake.

A msungichuma anandipempha kuti ndifunse za chilango, ndipo ndinafunsa. Wogulitsa makope osaloledwa akapezeka wolakwa koyamba akhoza kulipitsidwa mpaka R5,000 kapena kukhala kundende mpaka zaka zitatu, ndipo izi ndi pa kope iliyonse. Kachiwiri zimakwera kufika R10,000 kapena zaka zisanu. Lamulo limagwira amene wagulitsa akudziwa kuti katunduyo ndi wosaloledwa. Pepani abale, poti ndakuuzani, tsopano tonse tikudziwa. Ndiwonjezere kuti ambiri mwa ife tili m'dziko la eni ndi mapepala ofunika kumakonzetsa nthawi ndi nthawi, sitingafune dzina la gulu lathu limveke kupolisi chifukwa cha buku la ana.

Masana kunabuka mkangano umene unatenga nthawi yambiri. Pali bilu yosintha lamulo la 1978 yomwe inalowa m'Nyumba ya Malamulo mu 2017. Aphungu anaivomereza, Pulezidenti Ramaphosa anaibweza mu 2020, anaivomerezanso mu 2024, ndipo chaka chomwecho Pulezidenti anaitumiza ku khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko. Biluyo imatsegulira masukulu khomo lalikulu lokopera. Oyang'anira malaibulale ndi aphunzitsi ankati mwana wosauka asamanidwe phunziro chifukwa buku ladula. Olemba ndi osindikiza ankati khomo likatseguka chonchi, wolemba mabuku a sukulu adya chiyani, ndipo adzalembenso ndani m'ziyankhulo zazing'ono zomwe msika wake ndi wochepa kale. Ine ndinapita ndili mbali ya aphunzitsi, koma mfundo yachiwiriyi inandikhudza. Tonse timadandaula kuti mabuku a Chichewa ndi ochepa. Nanga wolemba Chichewa wa ku Zomba kapena ku Dedza alimbikira bwanji, pamene ife okonda Chichewacho ndife oyamba kufalitsa buku lake pa WhatsApp osamupatsa ndi khobidi lomwe? Awa ndi maganizo anga, gulu silinanditume kukanena zimenezi, ndipo sindinaimirire kuyankhula.

Pa nkhani ya ana osaona panalibe wotsutsa. Mu 2022 khothi lomwelo linagamula mlandu wa bungwe la Blind SA kuti lamulo la 1978 likuphwanya ufulu wa anthu osaona, ndipo linalola kuti mabuku azisinthidwa kukhala a zilembo za Braille kapena omvetsera popanda kudikira chilolezo. Dziko lathu la Malawi linalowa kale mu pangano la Marrakesh, la nkhani yomweyi, mu 2017. Kholo limene lili ndi mwana wa vuto la maso lindipeze.

Tsono titani? Njira ya chilolezo ilipo. Kuno bungwe la DALRO ndi limene limapereka chilolezo cha fotokope ndi cha masewero m'malo mwa olemba, SAMRO ndi ya nyimbo, ndipo kwathu zonsezi zili m'manja mwa COSOMA. Pa masamba a ku Domasi aja, tiyenera kulembera kalata eni ake n'kudikira yankho. Koma kunena zoona, ndi thumba lathu lochepali, n'kwapafupi kutuma amene akubwera pa basi kuchokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe kuti atigulire mabuku enieni angapo. Kugula buku n'kumabwerekana, ana atatu buku limodzi, palibe lamulo loletsa.

Chimene chinandisangalatsa ndi chakuti pali mabuku amene eni ake analoleza kale. Pali African Storybook ya bungwe la Saide la mu Johannesburg momwemuno, yomwe ili ndi tinkhani ta ana m'ziyankhulo zambiri za mu Africa, Chichewa chili momwemo. Palinso Book Dash, ndi Siyavula ya masamu ndi sayansi kwa ana akuluakulu. Mabuku otere amakhala ndi chizindikiro cha Creative Commons, ndipo tizilembo take tiziwerenga bwinobwino tisanatenge kanthu. BY ndiye kuti tenga, sindikiza, masulira, koma tchula mwini wake. NC ndiye kuti usachitire malonda. ND ndiye kuti usasinthe kanthu, ndipo kumasulira nako ndi kusintha. Mnyamata wina wa pa laibulale anatsegula foni yake n'kundionetsa kankhani ka Chichewa ka zithunzi zowala, kamene tikanatha kusindikiza kalekale mwaulere m'malo mwa masamba athu okhota aja. Ndinachita manyazi pang'ono.

Ndipo tili ndi chuma china chomwe tinachiiwala: agogo athu a m'gulu muno. Nthano ya Kalulu ndi Fisi ilibe wolemba mmodzi. Chimene chili ndi mwini ndi mawu amene munthu wina anailembera m'buku lake. Agogo akatifotokozera m'mawu awo ife n'kulemba, sitinabere munthu. Miyambi, ndagi ndi nyimbo zapamtondo chimodzimodzi. Kungoti lamulo lakwathu limaika umwini wa zachikhalidwe zotere m'manja mwa Boma m'malo mwa Amalawi onse, choncho tikadzafuna kuti bukulo likagulitsidwenso kumudzi, tidzayambe tafunsa a COSOMA.

Kanthu kena kakang'ono koma kofunika. Mtsikana wathu amene akutijambulira zithunzi pamanja, zithunzizo ndi zake, ngakhale titamupatsa ya sopo. Umwini sumasamuka ndi pakamwa, lamulo likufuna chikalata chosainidwa ndi mwini ntchito. Ine sindikuona chifukwa chomulanda. Tingolemberana kuti gulu lili ndi chilolezo chosindikiza, dzina lake likhale pachikuto, ndipo poti ndi wamng'ono, mayi ake asaine nawo. Agogo ofotokoza nthano nawonso mayina awo alembedwe pansi pa nthano iliyonse.

Choncho ndikupempha komiti ivomereze kuti makope khumi omwe tamanga kale asagulitsidwe, ndipo makolo atatu amene analipiriratu abwezeredwe ndalama zawo. Fayilo ya bukulo ichotsedwe pa gulu la WhatsApp lero lomwe. Aphunzitsi apitirize kugawa ndakatulo imodziimodzi m'kalasi, dzina la wolemba lili pamwamba, ndipo yopanda dzina isagawidwe. Ine ndadzipereka kusankha tinkhani ta African Storybook toyenera ana a zaka zisanu mpaka zisanu ndi zitatu, koma pafunika wina wa foni yojambula mawu bwino kuti Loweruka likudzali tikhale pansi ndi agogo kalasi ikatha. Agogo ena ati sangafotokoze nthano dzuwa lili pamutu, ndiye tikambirane za nthawi yake ndi eni holo.

Ndalama ya takisi yotsala ndapereka kwa a msungichuma pamodzi ndi mapepala amene anatigawira kumsonkhano. Mapepalawo ali m'Chingerezi, koma pansi pake palembedwa BY, ndiye ndiwamasulira.