Inu a kampani yogulitsa ma domain, ndibwezereni dzina langa la .mw, ndinalipira kale

Ndalemba pano poyera pa tsamba lanu chifukwa ku inbox ndatopako, mauthenga anga mukungowerenga osayankha, ndikaimba foni akuti bwana ali mu miting'i, ndikaimbanso akuti amene amaona za ma domain watuluka pang'ono, nde pang'ono ameneyo wakwana masiku 9 tsopano. Masiku 9 webusayiti yanga chitsekere, imelo ya bizinesi sikulowa kanthu, ndipo ndikuimba kuchokera kuno ku Joni, mukudziwa nokha mmene ma yunitsi amathera ukamaimba kumudzi.

Ine ndimanyamula katundu wa anthu kuchokera ku Johannesburg kupita ku Malawi. Mafiriji, mabedi, malata, njinga, zikwama za zovala, chilichonse chomwe munthu wakhetsera thukuta kuno kuti chikafike kwa ana ake. Galimoto imanyamuka kuno kudutsa pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka kukalowa pa Mwanza, ina timailowetsa pa Dedza ikakhala ya ku Lilongwe. Ntchito imeneyi chuma chake ndi kukhulupirika basi, munthu sangakupatse firiji yomwe wasungira ndalama miyezi 6 ngati akukukaikira. Nchifukwa chake ndinatsegula webusayiti, kuti munthu azitha kuona mitengo, tsiku lonyamuka, komanso kuti katundu wake wafika pati. Ndipo ndinasankha dala dzina lothera ndi .mw kuti aliyense akangoliona adziwe kuti uyu ndi wakwathu, ali ndi kwawo, sangathawe ndi katundu.

Mu Ogasiti munanditumizira invoyisi kuti dzina likutha, ndilipire chaka china. Tsiku lomwelo ndinatumiza R1,500 ya domain (dzina la webusayiti) ndi hosting (malo osungira webusayitiyo), lisiti ndili nalo, sikirinishoti ya uthenga wanu woti talandira zikomo ndili nayonso. Ine nkumagona mtima uli m'malo kuti zonse zili bwino. Osadziwa kuti ndalama munalandira koma dzina simunakalipirire kwa osunga kaundula wa maina a .mw.

Mmene ndinadziwira ndi zomwe zikundiwawa kwambiri. Loweruka lapitalo kunabwera mayi wina wachikulire, kwawo ndi ku Mangochi koma amagwira ntchito ya m'nyumba cha ku Mayfair kuno, anatumiza mashini osokera ndi matumba awiri a zovala masabata awiri apitawo. Anafika pa yadi pomwe timapakira atavala yunifolomu yake ya kuntchito, foni ili m'manja, manja akunjenjemera, kundionetsa sikirini yoyera yolembedwa kuti tsambali silikupezeka. Akuti achimwene mwatseka eti, katundu wanga ali kuti, anzanga akundiuza kuti umu ndi mmene amachitira anthu akafuna kuthawa. Mayi amene uja anapempha chilolezo kwa abwana ake, kukwera taxi ndi ndalama yake, kubwera kudzaona ngati ndidakalipo. Ndinachita kuimbira dalaivala pa vidiyo ali pa Tete, kumuuza kuti avundukule tenti awaonetse mashini awo, mpomwe anakhala pansi pa thumba la simenti nkupempha madzi akumwa. Inu simunaone nkhope ya mayi ameneyo, ndinaiona ndine.

Ndiye si iwo okha ayi. Dzina limeneli ndinalilembetsa pa thirela, pa makadi 500 omwe ndinasindikiza, pa buku la malisiti, pa gulu la WhatsApp la makasitomala. Imelo yanga imathera ndi dzina lomwelo, nde dzina likafa imelo nayo yafa. Mwini shopu wina wa ku Limbe amene amaitanitsa katundu wambiri kudzera mwa ine anandiimbira kuti imelo yake yabwerera katatu, wapereka ntchito kwa wina. Tikulowa nyengo yomwe anthu amatumiza katundu wa Khirisimasi, nyengo yomwe timadyera chaka chonse, inu nkunditsekera chitseko nthawi yomweyi.

Poyamba munandiuza kuti ndi vuto la netiweki. Kenako munati seva ikukonzedwa. Kenako mnyamata wanu wina anati ndi nkhani ya forex. Zoona forex ndi yovuta kumudzi, tonse tikudziwa kuti kwacha inagwetsedwa ndi 44% mu Novembala 2023 ndipo mpaka pano zinthu sizili bwino, koma forex ikulowa pati pa dzina la .mw pomwe kaundula wake ali ku Malawi komweko? Komanso ndalama yanga inachokera kuno, si ine amene ndakusowetsani forex.

Masiku amenewa ndakhala ndikufufuza ndekha usiku ndikaweruka, ndipo mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira za makompyuta ku Braamfontein wandithandiza kumvetsa. Dziko lililonse lili ndi zilembo zake ziwiri pa intaneti, ife .mw, kuno .za, a Zambia .zm, a Mozambique .mz, a Zimbabwe .zw. Mndandanda wa amene akuyang'anira zilembo za dziko lililonse umasungidwa ndi IANA pansi pa ICANN, bungwe loyang'anira maina a pa intaneti padziko lonse, ndipo kwa zaka zambiri amene wakhala akusunga kaundula wa .mw ndi bungwe la Malawi SDNP. Pansi pakepo mpomwe pali co.mw, org.mw, ac.mw ya masukulu aukachenjede, gov.mw ya boma. Dzina munthu sugula kuti likhale lako mpaka kale, umachita ngati kubwereka, nthawi ikakwana umalipiranso, ukapanda kulipira amalichotsa ndipo foni ya kasitomala ikafunsa kuti webusayiti yakuti ili pati sipeza yankho. Ndizomwe zachitika kwa ine. Mafayilo anga onse alipo pa seva, zithunzi, mitengo, zonse, koma njira yofikirako yatsekedwa chifukwa inu apakati simunapereke ndalama. A kaundula sindikuwaloza chala ngakhale pang'ono, iwo achita zomwe amachita munthu akapanda kulipira. Nkhani yanga ili ndi inu.

Koma chomwe chinandizizira thupi ndi ichi. Mwana uja anatsegula zomwe amati WHOIS, pomwe umaona kuti dzina lakuti mwini wake ndani. Pamalo a mwini pali dzina la kampani yanu. Imelo yolumikizirana ndi yanu. Foni ndi yanu. Ine amene ndinaganiza dzinalo, amene ndakhala ndikulipira zaka 3, sindikupezekapo paliponse. Ndiye kuti chenjezo lililonse lokhudza dzinali limapita kwa inu, ine osadziwa kanthu. Ndiye kutinso ngakhale nditafuna kusamukira kwa wina sindingathe popanda inu kuvomera. Zili ngati ndakutumani kuti mukandilembetsere puloti ku khonsolo, ndalama ndakupatsani, ndamangapo nyumba, kenako ndikupeza kuti pa mapepala munalembapo dzina lanu. Ndani anakuuzani kuti mutero? Pa fomu yomwe ndinadzaza tsiku loyamba ndinalemba dzina langa ndi la bizinesi yanga momveka bwino, kope lake ndili nalo.

Ndipo tulo sindikupeza chifukwa dzina likakhala nthawi yaitali osalipiridwa limabwerera pa msika, aliyense atha kulitenga. Tangoganizani wina alitenge, aikepo nambala yake ya Airtel Money kapena Mpamba, anthu anga omwe azolowera dzina limenelo azitumiza ndalama kwa wakuba akuganiza kuti ndine. Kuno anthu aberedwa kale mokwanira ndi onamizira kunyamula katundu, amene akhala ku Joni akudziwa zomwe ndikunena.

Anzanga pa yadi akundiuza kuti aise ingosiya zimenezo utenge .co.za, mawa lomwe ukhala uli pa intaneti. Sakunama ayi. Kuno kuli bungwe la ZADNA lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2002 kuti liziyang'anira .za, makampani olembetsa ndi ambirimbiri, umalipira ndi khadi uli khale pa foni, wina akakutopetsa umasamukira kwa wina. Ngakhale .joburg ilipo kuyambira 2014, ndikanafuna ndikanatenga imeneyo. Koma ine makasitomala anga ndi Amalawi, katundu akupita ku Malawi, amene amalandira ali ku Ndirande, ku Mzimba, ku Nkhotakota, ku Balaka. Ndimafuna dzina la kwathu ndipo ndalama yanga ya chaka ndi chaka ndimafuna izipita kwathu. Tikamadandaula kuti mabizinesi a kumudzi akuthawira ku .com, chimodzi mwa zifukwa zake ndi anthu ngati inu amene mumapangitsa munthu kumva ngati analakwa kusankha .mw. Zimandipweteka chifukwa ndakhala ndikulimbikitsa anzanga awiri, wina wa saluni ku Yeoville wina wogulitsa matayala, kuti nawonso atenge .mw kudzera kwa inu. Pano ndikawauza chani?

Zomwe ndikufuna sizambiri. Kalipireni dzina langa lero, ndalama muli nayo kuyambira Ogasiti. Likangodzuka musinthe pa kaundula, pamalo a mwini pakhale dzina langa, imelo yanga ya Gmail ndi foni yanga, inu mukhale pa za ukadaulo basi ngati nkofunika. Mundipatse chilichonse chofunika kuti ndikafuna kusamuka ndisamuke popanda kukugwadirani. Komanso mundilembere, osati pa foni ayi, mundilembere kuti ndalama yanga inapita kuti miyezi yonseyi, chifukwa mwini shopu wa ku Limbe uja ndikufuna ndikamuonetse kuti sindine amene ndinatseka.

Ndipo inu ena amene mukuwerenga muli ndi webusayiti kudzera mwa anthu awa kapena ena aliwonse, pemphani wina akuonereni pa WHOIS kuti palembedwa ndani, musachite kudziwira pa kasitomala wolira ngati ine.

Uthengawu musaufufute, ndaujambula kale. Mukapanda kuyankha pofika Lachisanu ndilembera a kaundula ndi a MACRA, ndiphatikiza lisiti, invoyisi, fomu ija ndi mauthenga onse kuyambira tsiku loyamba, ndipo mchimwene wanga ali ku Lilongwe komweko abwera pa ofesi panu ndi mapepala omwewo. Lachisanu lomwelo galimoto ikunyamuka 4 koloko madzulo, ndikhala ndili pa yadi kuyambira m'mawa kupakira, foni ili m'thumba, nambala yanga muli nayo ku inbox komwe simukuyankhako.