Mzere wosalala wa makina a MIG usatinamize

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhule ndi amisiri anzanga owotcherera zitsulo, makamaka achinyamata amene angoyamba kudziimira paokha ndipo mtima uli dyokodyoko kufuna makina a waya aja timati MIG, amene amakankha okha waya wowotcherera m'malo mwa rodi. Ine ntchitoyi ndinaiyamba ndi marodi ndili mnyamata, ndipo makina a waya ndakhala nawo zaka zoposa 10. Ndimawakonda, sindingabise. Koma chimene chandigwiritsa cholembera ndi zomwe ndinaona mwezi wathawu m'manja mwa mnyamata amene ndinamuphunzitsa ndekha.

Anafika madzulo atanyamula chitsulo chokokera thirela chimene anawotcherera yekha, chitathothoka. Mwayi wake thirelayo inali yopanda katundu ndipo inali isanalowe mumsewu. Ndinachilandira n'kuchitembenuza. Mzere wake wowotcherera unali wosalala bwino, wofanana kuyambira poyamba mpaka pomalizira, woti munthu wodutsa akanaima n'kuyamikira. Koma unali utamatuka wonse ngati nkhanambo, ndipo pansi pake chitsulo cha mamilimita 10 chinali chidakali ndi khungu lake lakuda la kufakitale. Moto sunachilume n'komwe. Waya unangosungunuka n'kugona pamwamba. Iye anati, "Bambo, makina anga ndi a 250, nanga zatheka bwanji?" Mawa lake tinawatembenuza makinawo n'kuwerenga kachitsulo kakumbuyo. 250 uja anali pa katoni pokha. Pa kachitsulo mphamvu yake yomalizira inali 140A, kutanthauza ma ampeya 140.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Munthu wosadziwa akagwira rodi, ntchito yake imamuulula yokha: rodi imamatirira, mzere umakhala wamabampu, silagi, khungu lolimba lija limene rodi imasiya pa mzere, imatsalira mkati. MIG saulula munthu. Makina amenewa amasunga volteji pamalo amodzi, ndiye dzanja likatalikira pang'ono mphamvu imatsika yokha, likayandikira imakwera, moto n'kumaoneka wokhazikika ngakhale dzanja likunjenjemera. N'chifukwa chake wophunzira amatulutsa mzere wooneka bwino tsiku loyamba lomwe. Kuoneka bwinoko sikutiuza ngati zitsulo ziwirizo zasungunukirana. Pa makina ang'onoang'ono, waya umagunda chitsulo, moto n'kuzima, kuyakanso, kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo phokoso losalekeza lija limachokera pamenepo. Njira imeneyi kutentha kwake n'kochepa, ndipo anaikonzera dala zitsulo zopyapyala. Makina a waya anayambira ku Battelle Memorial Institute ku America mu 1948, cholinga chachikulu chili aluminiyamu. Mu 1953 akatswiri awiri a ku Soviet Union, Lyubavskii ndi Novozhilov, anaonetsa kuti gasi wa CO2, wotchinga chitsulo chosungunuka ku mpweya wakunja, angathe kugwira ntchito pa chitsulo wamba, ndipo cha m'ma 1958 ndi 1959 m'pamene kunabwera njira ya waya wowonda wogundagunda ija, yoti anthu aziwotcherera malata ndi mabodi a galimoto osawabowola. Makina aang'ono amene ambirife timagula ndi ana a njira imeneyo. Tikawapatsa chitsulo chonenepa tikuwasenzetsa katundu wosakhala wawo.

Ndiye pogula, funso loyamba likhale lakuti: kodi zitsulo zimene ndimagwira tsiku ndi tsiku n'zonenepa bwanji? Muyeso umene amisiri timayendera ndi wa 40A pa milimita iliyonse ya chitsulo wamba. Chitsulo cha mamilimita 2 chikufuna cha m'ma 80A, cha mamilimita 3 cha m'ma 120A, cha mamilimita 5 chayandikira kale 200A. Wopanga mageti, mafelemu a mawindo, mabedi ndi mipando ya mapaipi opyapyala, makina oona a 160A kapena 180A amukwanira ndipo adzasangalala nawo. Wofuna mathirela, zigayo kapena mizati yonyamula denga aganize za makina a magetsi a mafesi atatu, apo ayi asataye marodi ake.

Nambala ya pa katoni mungathe kuiyesa ndi masamu a pulayimale. Kuti makina atulutse 250A pa MIG pamafunika mavoti pafupifupi 26, kutanthauza mphamvu yoposa makilowati 6 pa moto pokha. Pulagi ya 13A pa magetsi a 230V imapereka makilowati atatu basi. Mukaona makina opepuka ngati chikwama, okhala ndi kachingwe kowonda ndi pulagi wamba, koma akudzitcha 250 kapena 300, dziwani kuti nambalayo ndi dzina chabe.

Pa kachitsulo kakumbuyo komweko pali mzere wina umene anthu amaudumpha, woyamba ndi chilembo X, wokhala ndi 30%, 60%, 100%. Imeneyo ndiye duty cycle, nthawi imene makina angagwire ntchito asanafune kupuma. Amawerengera pa mphindi 10, ndipo makina otsatira muyeso wa IEC 60974-1 amayesedwa pa kutentha kwa madigiri 40. Akalemba 60% pa 150A, ndiye kuti muwotcherera mphindi 6, makina apume mphindi 4. Akalemba 20% pa mphamvu yapamwamba, ndi mphindi 2 zokha, kenako kanyali kachikasu kayaka, inu n'kukhala pansi kasitomala akukuyang'anani. Ine ndikafuna kudziwa msinkhu weniweni wa makina ndimayang'ana nambala imene ili pansi pa 60%.

Mukatha kuwerenga, tsegulani chitseko cha m'mbali. Ogulitsa ambiri amakuonetsani kutsogolo kumene kuli timagetsi ndi manambala owala, koma mtima wa makina a MIG uli m'kati umo, pa timagudumu tokankha waya. Mavuto ambiri amene anthu amabwera nawo kwa ine akuti "makina afa" amakhala a pamenepo. Gwirani ndi dzanja. Ngati chonyamula timagudumu n'chapulasitiki yofewa ndipo chikugwedera, waya uzidzayenda modukizadukiza, ndipo palibe dzanja la mmisiri limene lingakonze zimenezo. Chachitsulo n'chabwino, ndipo cha timagudumu tinayi chimaposa cha tiwiri ngati chingwe cha tochi, chogwirira chija chotulukira waya, n'chachitali. Onani ngati mukulowa mpukutu wa makilogalamu 5 kapena 15, osati kampukutu ka kilogalamu imodzi kokha. Onani ngati tochi imachoka, monga zija zolumikizira za mtundu wa Euro, chifukwa tochi yomangiriridwa m'kati ikawonongeka mumavutika nayo kwambiri. Funsani ngati matipi, manozo (timapaipi totulukira gasi) ndi layina (kapaipi kodutsamo waya m'kati mwa chingwe) ya tochi imeneyo zimapezeka mosavuta. Tipi ndi kanthu kakang'ono ka kopa kotulukira waya, koma kakatha popanda kena ntchito yaima. Ndipo pakhale popotokola pawiri, pena pa volteji pena pa liwiro la waya. Makina amasiku ano amene amadzisankhira okha mukangowauza kunenepa kwa chitsulo ndi abwino ndithu, bola azilola kuti inu muwonjezere kapena kuchepetsa.

Za mitundu iwiri ya makina, inveta ndi thiransifoma, sinditayapo nthawi. Inveta ndi yopepuka, moto wake ndi wofatsa, imadya magetsi pang'ono, koma imadana ndi fumbi la girayinda komanso jenereta yosakhazikika. Thiransifoma ndi yolemera ndipo imapirira nkhanza. Zonse zimagwira ntchito.

Gasi ndiye amene ambiri samuwerengera pokonza bajeti, mpaka makina atafika kunyumba. CO2 yekha amalowetsa moto mozama, koma amathetheka kwambiri ndipo mumataya nthawi kupala timadontho. Wosakaniza argon ndi CO2, monga wa 75 ndi 25 kapena 80 ndi 20, amapereka mzere woyera ndipo sabowola msanga zitsulo zopyapyala. Argon yekha ndi wa aluminiyamu. Pa chitsulo wamba moto wake umayendayenda, mzere n'kutuluka wowonda, wotukuka, wokumbika m'mbali. Geji ya gasi muiike pakati pa malita 10 ndi 15 pa mphindi. Ena amaitsegula mpaka kumapeto poganiza kuti gasi wambiri ndi chitetezo chambiri, osadziwa kuti akatuluka mwamphamvu amazungulira n'kukokera mpweya wakunja m'chitsulo chosungunuka. Zotsatira zake n'zofanana ndi za gasi wochepa: timabowo ngati mwadya chiswe.

Ndi mphepo MIG sagwirizana. Kamphepo kakang'ono koti simungakamve n'komwe pankhope kamakwanira kuuluza gasi. Ambirife timagwirira ntchito pabwalo kapena m'shedi yopanda makoma, choncho nkhaniyi ndi yaikulu. Tchingani ndi lata kapena bolodi. Zikakanika, pali waya wa ufa m'kati wosafuna gasi, monga E71T-11. Koma pamenepa pali msampha umene wagwira anthu ambiri: waya wamba wa gasi umafuna tochi ikhale ku pulasi, pamene waya wopanda gasiwu umafuna tochi ikhale ku mainasi. Makina osalola kusinthanitsa zingwe ziwirizi adzakumangani manja tsiku lina. Musinthenso kagudumu, muike ka mano, chifukwa waya wa ufa ndi wofewa ndipo kagudumu ka V kamauphwanya mukamanga kwambiri. Waya umenewu umasiya silagi, ndiye tochi muziikoka ngati rodi.

Ndinene pang'ono za kagwiridwe. Waya umene timagwiritsa ntchito kwambiri ndi ER70S-6. Uli ndi manganese ndi silicon wochulukirapo wothandiza pa kadzimbiri kochepa, koma zimenezo si chilolezo chowotcherera pa penti, pa mafuta kapena pa khungu lakuda lija. Rodi ya 6011 imaboola zonyansa, MIG saboola. Palani mpaka chitsulo chiwale, ndipo palaninso pamene mukumanitsa chopanira cha eti, chingwe chija chomanitsa pa chitsulo kuti magetsi azizungulira. Waya wa 0.6 ndi wa malata ndi mabodi a galimoto, wa 0.8 umakwana ntchito zambiri za pa shopu, wa 1.0 ndi 1.2 ndi wa makina akuluakulu. Tipi ifanane ndi waya. Utali wa waya wotuluka pa tipi ukhale pafupifupi mamilimita 10. Mukautalikitsa mphamvu imatsika inu osadziwa, ndipo apa m'pamene mzere wogona pamwamba uja umabadwira. Tochi muipendeke pang'ono chabe, madigiri 10 kapena 15.

Chimene ndimabwereza kwa wophunzira aliyense mpaka atatopa nacho n'chakuti maso akhale kutsogolo kwa kathamanda ka chitsulo chosungunuka, pamene waya ukuluma chitsulo chozizira. Mukayenda pang'onopang'ono kwambiri, kathamandako kamatsogola, waya n'kumagwera pamwamba pake m'malo mokumba chitsulo. Mzere umanenepa, umasalala, mtima n'kukhala m'malo, koma pansi sipanagwire. Mnyamata wanga uja anachita zimenezi: ataona kuti chitsulo n'chonenepa anachepetsa liwiro la dzanja poganiza kuti akuwonjezera mphamvu.

Timagudumu musatimange ngati mukumanga tayala. Mangani pongokwanira kuti waya uyende, koma ukakodwa kutsogolo timagudumu titerereke. Mukamanga kwambiri waya umapiringizana m'kati ngati chisa cha mbalame. Mukaweruka vundikirani mpukutu kapena uchotseni muusunge pouma. Waya wadzimbiri umatseka layina.

Za thupi lathu nazonso ndisazisiye. Poti MIG alibe utsi wambiri wooneka ngati wa rodi, anyamata amamuyesa wofatsa. Amagwira tochi dzanja limodzi, kutsinzina, n'kumadonthetsa matakiwelo, timadontho togwirizira zitsulo, opanda helemeti, mikono ili pamtunda. Kuwala kwake kumawotcha khungu ndi maso kwambiri, ndipo amene anagonapo usiku maso akulasa ngati mwalowa mchenga akudziwa chimene ndikunena. Galasi likhale la nambala 10 kupita m'mwamba malinga ndi mphamvu. Mu 2017 bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa WHO, linaika utsi wowotcherera m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa. Mutu usakhale mu utsi. Mapaipi okutidwa ndi zinki apaleni kaye, popeza utsi wake woyera uja umabweretsa kuzizidwa, kuphwanya m'thupi ndi nseru usiku wake. Silinda ya gasi imangiridwe ndi tcheni ili chilili, ndipo m'thanki kapena m'chipinda chotsekeka musalowe nayo mwachisawawa, chifukwa argon ndi CO2 amalemera kuposa mpweya umene timapuma, amadzaza pansi popanda fungo.

Pempho langa, a Mkonzi, likupita kwa aphunzitsi a ntchito zamanja ndi kwa ife eni mashopu amene tili ndi ophunzira. Tisapereke malikisi ndi maso okha. Wophunzira alumikize zidutswa ziwiri ngati chilembo T, awotcherere mbali imodzi, azipane pa vayisi, amenye ndi hamala mpaka zitseguke, kenako ayang'ane m'kati. Ngati mphepete mwa chitsulo mukuoneka mowongoka monga munadulidwira, moto sunafike. Ngati chitsulo chapindika kaye n'kung'ambika movutikira, pamenepo wagwira. Ogulitsa makina nawonso azilola wogula kuwerenga kachitsulo kakumbuyo ndi kutsegula chitseko cha m'mbali asanatulutse ndalama.

Chitsulo cha thirela chija tinachikonza limodzi. Tinasema m'mphepete ngati V, tinapala mpaka kuwala, n'kuchiwotcherera mizere itatu ndi marodi a 7018 pa makina anga akale. Makina ake a waya sanawataye. Akupangira mafelemu a mapaipi a mamilimita 2, ndipo ntchito imeneyo akuigwira mwachangu kuposa ine. Sabata yatha anandibweretsera zidutswa zinayi za T zimene anamenya yekha ndi hamala. Zitatu zinali zitagwira mpaka pansi. Chachinayi tinachiyang'ana limodzi, tinapeza kuti tipi inali itakula bowo, ndipo anaisintha pomwepo.

Ndine wanu,
Mmisiri wowotcherera zitsulo